Dandaulo kwa ogulitsa mitengo yosemera: zimene munanditumizira si phingo

Kwa inu a kampani yogulitsa zidutswa za mitengo yosemera pa lathe (makina ozungulitsa mtengo pousema), ndalemba pano poyera chifukwa mauthenga amene ndinakutumizirani kumbali simunawayankhe mpaka lero.

Ndinaitanitsa mtengo wa phingo kuti ndisemere timabokosi ta zivindikiro, ndipo lisiti lanu likunenanso kuti ndi phingo. Koma nditangogunditsa tchizulo pa chidutswa choyamba, kuda konse kunachoka pamodzi ndi utuchi, n'kutsala mtengo wotuwa, wopepuka, umene mwachionekere unangopakidwa utoto kunja. Mtengo wa phingo, umene akatswiri amautcha Dalbergia melanoxylon, suvuta kuuzindikira. Mtima wake ndi wakuda mpaka m'kati, mnofu wa kunja ndi wachikasu chotuwa ndipo malire a ziwirizi amaoneka bwinobwino. Ndi wolemera kwambiri moti ngakhale utauma umamira m'madzi, umabunthitsa tchizulo msanga, ndipo ukasemedwa bwino umanyezimira wokha chifukwa cha mafuta ake. Zidutswa zanu zikuyandama, ndipo kumapeto kumene kunadulidwa kuli timabowo tikulutikulu tooneka ngakhale popanda galasi lokulitsa zinthu.

Chimene chandipweteka kwambiri ndi nkhani ya chitetezo. Zidutswazi zinabwera zaziwisi, zosamatidwa phula kumapeto, ndipo utoto uja unabisa ming'alu. China chinang'ambika chili mkati mozungulira, chinafwanthuka pa chogwirira chathabwa chimene ndinadzipangira ndekha, n'kumenya chotchinga kumaso chimene ndinavala. Ambiri amene amagula kwa inu ndi anthu ongosema pa nthawi yopuma, ena ongoyamba kumene, amene amakhulupirira dzina lolembedwa pa katundu chifukwa sanafike podziwa kusiyanitsa mitengo.

Palinso mbali ya malamulo. Kuyambira mu 2017, mitengo ya mtundu wa Dalbergia ili pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zimene zili pa chiopsezo chotha, ndipo kuigulitsa kudutsa malire a mayiko kumafuna zikalata. Ngati mukuumirira kuti munanditumizira phingo, ndionetseni kumene munautenga.

Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama zanga zonse, mundiuze dzina lenileni la mtengo umenewu popeza fumbi la mitengo ina limayabwa khungu ndi kubanikitsa, ndiponso muchotse zidutswazi pa malonda mpaka mutazilemba dzina loyenera. Zithunzi ndi lisiti ndazisunga, ndipo yankho lanu ndikuliyembekezera pompano pamene ogula anzanga angalione.