Kalata ya Abusa: Tikhale Pansi, Tikambirane za Tsankho

Okondedwa mwa Ambuye, amayi, abambo ndi achinyamata,

Mtendere ukhale nanu. Akulu a mpingo agwirizana kuti mwezi wamawa, Lachinayi lililonse, tidzakumane m'milaga kukambirana za tsankho la mtundu ndi la khungu. Ena afunsa kuti tikudzutsiranji nkhani yakale. Yankho lili m'mamangidwe a mzinda wathu uno.

Atsamunda atasamutsa likulu kuchoka ku Livingstone kubwera ku Lusaka mu 1935, anagawa malo potsata khungu. Ku Ridgeway kunali kwa azungu, amwenye anali cha ku Kamwala, ndipo anthu akuda anaikidwa m'makomboni monga Kabwata, Chilenje ndi Matero. Munthu wakuda ankayenda ndi chitupa. M'masitolo ambiri sankalowera pakhomo, ankagulira pa kawindo ka kumbali. Kubutchala ankalandira nyama yokulungidwa kale, osaiona, n'kukapeza mafupa ndi mitsempha atafika kunyumba. N'chifukwa chake mu 1954 chipani cha African National Congress, chotsogoleredwa ndi Harry Nkumbula, chinauza anthu kuti aleke kugula m'mabutchala a mu Lusaka.

Pofika pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia inalandira ufulu, malamulo aja anali atagwa, koma zimene anabzala m'mitima zikuphukirabe. Mlonda pageti amatsegulira mzungu mothamanga, wakuda mnzake n'kumufunsa mafunso khumi. Ana athu aakazi akuwononga khungu ndi mafuta oyeretsa. Alipo mabwana ena amene amatukwana antchito ngati kuti ufulu sunabwere, ndipo zimenezo tizinena poyera. Komabe chala chiloze ndi kwa ife. Mu Epulo 2016, mphekesera zokhudza kuphedwa kwa anthu zitafala, masitolo a anthu a ku Rwanda anaphwanyidwa ndi kuberedwa m'makomboni athu, mabanja ambiri n'kuthawira ku tchalitchi cha St Ignatius. Amene ananyamula matumba a shuga ndi ufa tsiku limenelo sanali atsamunda.

Pa msonkhano woyamba tidzawerenga Genesis 9, chifukwa mutu umenewu unapotozedwa kwa zaka zambiri pofuna kunena kuti munthu wakuda ndi wotembereredwa. Werengani nokha: Nowa anatemberera Kanani, ndipo khungu silikutchulidwa ngakhale kamodzi. Tikatero, agogo amene anaona chitupa ndi kawindo kaja alankhule, wachinyamata mmodzi akulemba m'kope. Mboni zimenezi zatsala zochepa, ndiye musawadule mawu ngakhale abwereze. Amene angathe akaonenso nyumba nambala 394 ku Chilenje, imene a Kenneth Kaunda ankakhalamo, kuti ana aone kukula kwa nyumba zimene boma linkati n'zokwanira banja la munthu wakuda.

Gulu lisapitirire anthu 12, ndipo nthawi ikhale ola limodzi ndi theka. Anthu akachuluka, amanyazi amangokhala chete, olimba pakamwa awiri n'kutenga msonkhano wonse. Aliyense apatsidwe mphindi zitatu, anene zimene anaona kapena kuchita yekha. "Ndinamva kuti" ndi "zinali pa WhatsApp" sitilola, poti moto wa 2016 unayaka ndi mawu oterowo. Mafoni akhale m'thumba, pasakhale wojambula.

Sabata yachiwiri tidzaunika mawu athu, maina amene timaitanira anthu a ku Congo, a ku China ndi amwenye iwo palibe. Apa pamaterera. Wina adzati ndi chimbuya chabe, nthabwala zija za pakati pa mitundu iwiri. Chimbuya cha ife a kum'mawa ndi Abemba chili ndi mwambo wake: onse awiri amaseka, ndipo pamaliro amathandizana. Ngati akuseka ndi mmodzi, winayo wagwetsa nkhope, kumeneko ndi kunyoza. Nkhani ikayamba kulowera ku zipani ndi kuti chigawo chakuti chinavotera ndani, wotsogolera aibweze nthawi yomweyo, chifukwa ikafika kumeneko anthu amasiya kumvetsera, amayamba kuteteza mbali yawo.

Sabata yachitatu mlaga uliwonse uitane anansi awiri kapena atatu ochokera kunja kapena a khungu lina. Mukawaitane pamaso, muwauze bwinobwino nkhani yake, ndipo akakana musawakakamize. Akabwera, asafunsidwe za mapepala awo, asayankhirenso zolakwa za mtundu wawo wonse. Akanena chowawa, musathamangire kuti "sitinatanthauze zimenezo". Thokozani, lembani, mukhale nacho.

Pomaliza tidzatsegula Machitidwe 6. Amasiye olankhula Chigriki ankaiwalika pogawa chakudya. Atumwi sanawauze kuti angopirira. Anasintha kagawidwe, ndipo amuna asanu ndi awiri amene anasankhidwa onse anali ndi maina a Chigriki. Ifenso titenge mabuku athu tione: ndani amasankhidwa pa maudindo, thumba la osowa limafika kwa yani, ndi maliro a ndani amene timapitako ochepa. Mlaga uliwonse ubweretse kwa akulu a mpingo chinthu chimodzi chimene tingasinthe chaka chino chisanathe.

Otsogolera magulu tikumane Loweruka likubwerali nthawi ya 14:00 kutchalitchi, aliyense ndi Baibulo ndi kope. Amene ali ndi agogo ovutika kuyenda auze mkulu wa mlaga msanga kuti tikonze zowanyamula.

Chisomo cha Ambuye Yesu Khristu chikhale nanu nonse.

Ine mbusa wanu