Chilengezo: ntchito yokonza paki yathu ku Ulongwe

Amayi ndi abambo a gulu lathu la ogulitsa malonda pa paki,

Tikudziwitseni kuti Lolemba likudzali amisiri ayamba kukumba ngalande mbali ya kumadzulo, komwe kumakhala okazinga chipisi. Onse a mbali imeneyo musamukire kufupi ndi chipata chachikulu kufikira ntchito itatha. Malo anu akale sakulandidwa, mudzabwererapo.

Ntchito yaikulu ndi ya madzi. Mapaipi achitsulo aja adachita dzimbiri mkati, n'chifukwa chake mpopi umatulutsa madzi ofiira m'mawa. Akuika apulasitiki, komanso thanki pa nsanja yaitali kuti madzi azitsika okha ngakhale magetsi atazima. Zimbudzi zatsopano zikhala ndi dzenje lake lomangidwa ndi simenti kumunsi, kutali ndi mjigo, kuti zonyansa zisalowe m'madzi akumwa. Padzakhalanso njira yotsetsereka ya anzathu oyenda pa njinga za olumala, chinthu chomwe chikadayenera kuchitika kalekale.

Mawaya a magetsi adutsa pansi, m'mapaipi. Chonde, pasapezeke wokhoma chikhomo cha tenti pomwe pakwiriridwa kumene, ndipo ana asasewere m'ngalandemo.

Amisiri akufuna kumaliza kukumba mvula ya Novembala isanagwe, popeza dothi la kuno ku Angonia likanyowa limaterera koopsa.

Tikumane Loweruka 2 koloko masana pa chipata kuti tigawane malo ongoyembekezera. Amene simutha kubwera, tumani munthu.

Zikomo,
Mlembi wa gulu