Lipoti la msonkhano wokambirana za mamangidwe a nyumba zachisoni m'zipatala

A Wapampando ndi mamembala onse a komiti yoona za zomangamanga, munandituma kuti ndikakuimireni ku msonkhano umene unasonkhanitsa akatswiri ojambula mapulani a nyumba, madokotala opima matupi, anamwino ndi abusa otumikira m'zipatala, ndipo izi ndi zimene ndabwera nazo. Funso limene linatidyera nthawi linali lakuti: n'chifukwa chiyani pafupifupi kulikonse nyumba yachisoni imakhala kuseri kwa chipatala, moyandikana ndi kochapira zovala ndi kotenthera zinyalala?

Otiphunzitsa anasonyeza kuti poyamba panali zifukwa zomveka. Kale kunalibe mafiriji, ndipo anthu ankakhulupirira kuti fungo loipa ndilo limafalitsa matenda, choncho pamene zipatala zinayamba kumangidwa mwa mawodi otalikirana kuti mphepo izidutsa, monga Lariboisière ku Paris mu 1854 ndi St Thomas' ku London mu 1871, nyumba ya akufa inkakankhidwira kumapeto kwa mpanda. Komabe mantha oopa mitembo sanali opanda pake. Mu 1847, ku chipatala chachikulu cha Vienna ku Austria, dokotala Ignaz Semmelweis anazindikira kuti amayi ambiri ankafa atangobereka chifukwa madokotala ankachoka kopima mitembo n'kulowa kochilira osayeretsa m'manja mokwanira, ndipo atalamula kuti onse azisamba ndi madzi a klorini, imfa zinatsika kwambiri.

Tinakhalitsa pa nyumba ziwiri zimene zinamangidwa kunja kwa zipatala koma zinasiya chitsanzo. Ku Weimar, m'dziko la Germany, mu 1792, dokotala Christoph Wilhelm Hufeland analimbikitsa kumanga nyumba yodikirira, kumene thupi linkasungidwa mpaka zizindikiro za imfa zitaoneka poyera, poti anthu ankaopa kuikidwa m'manda ali amoyo. M'nyumba zina zotere, monga za ku Munich, ankamanga chingwe ku zala za malemu n'kuchilumikiza ku belu kuti mlonda amve ngati pachitika kugwedezeka. Ku Paris nako, nyumba imene inatsegulidwa mu 1804, n'kusamutsidwira kuseri kwa tchalitchi cha Notre-Dame mu 1864, inkagoneka matupi osadziwika pa miyala kuseri kwa galasi, zovala zawo zitakolowekedwa chapafupi, kuti odutsa awazindikire. Khamu linkabwera kudzangoonerera, mpaka akuluakulu anatseka chitseko kwa anthu wamba mu 1907. Chimene chinandikhudza n'chakuti nyumba zonsezi zinamangidwa poganizira dokotala, mlonda kapena wapolisi, koma pa mapulani ake munthu wofedwa analibe ngakhale pokhala.

Mafiriji atabwera, vuto la fungo linatha, pakuti thupi limasungika bwino pa madigiri pafupifupi 4. Wina akanayembekezera kuti nyumba yachisoni iyandikira kwa anthu, koma m'zipatala zambiri zosanjikizana inatsitsidwira m'chipinda chapansi chopanda mazenera. Namwino wina anafotokoza mmene amaperekezera anamfedwa: amadutsa m'khonde la mapaipi, kupatukira matilole a zovala zokachapa, kenako n'kuima pa chitseko chachitsulo, mayi wofedwa atagwira thumba la zovala za mwana wake, popanda mpando woti akhalepo pamene miyendo yafooka. Palibe amene anatsutsa, chifukwa aliyense anali ataziwonapo.

Kusintha kwayamba, ngakhale mochedwa. Mu 1996, pa chipatala cha Raymond-Poincaré ku Garches, pafupi ndi Paris, katswiri wa zaluso Ettore Spalletti anakonza chipinda chotsanzikiranamo cha mtundu wa buluu, chimene chinasonyeza kuti malo a akufa akhoza kukongoletsedwa mwaulemu popanda kutsamira chipembedzo chimodzi. Ku Ireland, kuyambira mu 2010, bungwe la Irish Hospice Foundation pamodzi ndi nthambi ya boma yoona za umoyo lakhala likukonzanso nyumba zachisoni ndi zipinda za mabanja m'zipatala zambiri, ndipo nthawi zina ntchito yake imangokhala kutsegula zenera, kubisa mapaipi ndi kupatula khomo la abale.

Pa pulani imene tili nayo ya nyumba yathu yachisoni, ndikupempha komiti kuti njira ya anamfedwa isakumane ndi njira ya zinyalala kapena ya katundu, ndiponso kuti chipinda choonera nkhope chilekanitsidwe ndi cha mafiriji ndi chopimira matupi, kuti phokoso la makina ndi la zitsulo lisamveke kwa olira. Pafunikanso malo osambitsira thupi okhala ndi madzi ndi ngalande yabwino, otakasuka moti abale kapena achipembedzo atha kugwiramo ntchito yawo, komanso khonde lofoleredwa pamene galimoto yonyamula bokosi ingaime osaonekera kwa odwala a m'mawodi. Ndikudziwa kuti ndalama n'zochepa ndipo amoyo ali patsogolo, koma zambiri mwa izi zikhudza poika makomo ndi makoma, zimene sizidula ngati zaganiziridwa maziko asanakumbidwe. Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tiitane wojambula mapulani pamodzi ndi ogwira ntchito ku nyumba yachisoni, amene mpaka pano sitinawafunse maganizo awo.