Makochi a mpira wa m'makoleji ku America akuonjeza, marefa nawo asamangoti zii

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya mpira wa kuno ku America komwe ndikukhala, mpira uja osewera amavala zipewa zolimba n'kumagundana, koma osati wa akuluakulu wa NFL ayi, ndikunena wa m'mayunivesite. Anthu kumudziko mwina mungaone ngati ndi masewera a ana asukulu basi koma ayi ndithu, Loweruka lililonse kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Januwale dziko lonse limakhala pa TV, bwalo la yunivesite ya Michigan lokha limalowa anthu opitilira 107,000 ndipo limadzadza. Chomwe chikundiwawa ndi khalidwe la makochi pa mzere wa m'mbali mwa bwalo, mmene amakalipirira oyimbira mpira, komanso mmene akuluakulu a maligi akuwasekerera.

Tiyambire pa gemu ya Texas ndi Georgia ya pa 19 Okutobala 2024 ku Austin. M'chigawo chachitatu mnyamata wa Texas, Jahdae Barron, analanda mpira womwe Carson Beck wa Georgia anaponya n'kuthamanga nawo mpaka pafupi ndi kugoletsa, bwalo lonse likuphulika ndi chimwemwe, kenako anthu akuona kansalu kachikasu kali pansi. Kuno refa akaona cholakwika samangoimba wezulo, amaponya kansalu kachikasu. Akuti Barron anamutchinga wosewera wa Georgia mpira usanafike. Ana asukulu omwe amakhala mbali imodzi ya bwalo anayamba kugenda mabotolo amadzi ndi zinyalala, gemu kuima, mpaka kochi wa Texas Steve Sarkisian anayenda yekha kupita kukona kuja akukweza manja kuwapempha kuti asiye. Nthawi yomwe anthu amatola mabotolo ija marefa anaunjikana kukambirana, chithunzi chikuonetsedwa mobwereza pa sikirini yaikulu, ndiye pomaliza anangolengeza kuti palibe cholakwika, kansalu katoledwa. Texas inagoletsa patangopita nthawi pang'ono. Georgia inapambanabe 30-15 ndipo ligi ya SEC, yomwe matimu awiriwa amaseweramo, inalipitsa Texas chindapusa cha $250,000.

Kunena zoona chigamulo choyamba chija chinali cholakwika, aliyense anaona, ndiye kuchisintha kunali kukonza. Koma vuto ndi loti chinasintha mabotolo atagendedwa, ndipo mlandu wamtunduwu malamulo salola kuti aubwereze pa kanema. Kochi wa Georgia, Kirby Smart, anadandaula gemu itatha kuti ndiye kuti masapota aphunzira zoti ukagenda zinthu chigamulo chimasintha. Pamenepo ananena zoona bamboyo. Koma a Mkonzi, Smart yemweyo sabata imodzi yokha m'mbuyo mwake, akusewera ndi Mississippi State, ali mkati molusa pa mzere anakankha mnyamata wa timu inayo Michael Van Buren, mwana woti wangoyamba kumene koleji, kumukankha TV ikuonetsa. Kansalu sikanaponyedwe. Iye anati sanazindikire kuti wakankha munthu, anapepesa, mkulu wa ligi Greg Sankey anavomera kuti panayenera kukhala chilango, nkhani n'kuthera pomwepo. Wosewera atakankha kochi choncho bwenzi atatuluka, mwinanso sukulu itamuimitsa.

Ndiye ine funso langa n'loti, mwana wazaka 19 ali m'ma stand wamwa kale timowa take, akuona bambo wamkulu wolemekezeka akudumphadumpha, nkhope ili psuu, akuponya mahedifoni pansi, akutsatira refa mayadi 20 akumulozaloza chala kumaso kwa maola atatu, mukuganiza kuti botolo lili m'manjalo alisunga? Mkwiyo wa masapota umayambira pa mzere paja. Mu 2021 ku Tennessee gemu ndi Ole Miss inaima pafupifupi mphindi 20 anthu akugenda chilichonse, mpaka botolo la mustard, ndipo kochi wa Ole Miss Lane Kiffin anamugenda ndi kampira ka gofu. Kumenekonso chindapusa chinali $250,000. Zaka zitatu pambuyo pake zomwezo ku Texas, kusonyeza kuti ndalamayo siopsa aliyense.

Nanga iopse bwanji? Smart anasaina kontrakiti mu 2024 ya $130 miliyoni pa zaka 10, ndiye kuti $13 miliyoni pachaka. Jim Harbaugh ali ku Michigan mu 2016 anataya mapepala ake ndi kumenyetsa mahedifoni pansi pa gemu ndi Ohio State, analangidwa pabwalo, atagonja 30-27 anakakhala pamaso pa atolankhani n'kumangonena za marefa, ligi ya Big Ten inalipitsa sukulu yake $10,000. Kiffin mu 2020 analipitsidwa $25,000 chifukwa chogawana uthenga wonyoza marefa pa Twitter, iye n'kumaseka kuti alipira ndi makobidi ang'onoang'ono. Mkulu wa zamasewera ku Utah, Mark Harlan, mu Novembala 2024 atagonja ndi yunivesite ya BYU 22-21 anapita yekha pa maikolofoni kukanena kuti gemu awabera, analipira $40,000. Kwa anthu amenewa ndalama zimenezi zili ngati kugula fanta pa golosale, amalipira akumwetulira ndipo masapota awo amawakonderanso kwambiri kuti eya kochi wathu amatimenyera nkhondo.

Chinthu china chimandiseketsa komanso kundimvetsa chisoni. Matimu akuluakulu ali ndi munthu amene ntchito yake pa tsiku la gemu ndi kugwira kochi kuti asalowe m'bwalo. Zoona, sindikucheza. Nthawi zambiri amakhala mmodzi wa anyamata adzitho ophunzitsa osewera kunyamula zitsulo, amaima kumbuyo kwa kochi atamugwira lamba wa thalauza, kochi akati alowe iye amamukoka chambuyo, akati apite uku iye ali pambuyo. Ku Clemson, Brent Venables adakali kochi wothandizira ankakokedwa choncho gemu yonse ndipo ma TV ankakonda kuonetsa ngati nthabwala. Smart nayenso ali naye wake. Bambo wamkulu wa ana ake, wotsogolera anyamata oposa 100, wolandira ndalama zoposa mkulu wa yunivesite, koma kuti aime kuseli kwa mzere woyera mpaka wina amugwire lamba. Ndiye yemweyo Lolemba akawauze anyamata za kudziletsa eti.

Malamulo alipo, si kuti kulibe. M'mbali mwa bwalo muli kachigawo koyera komwe ndi njira ya marefa othamanga m'mphepete, kochi sayenera kupondamo mpira ukamaseweredwa chifukwa refa akuthamanga maso ali pa mpira angathe kuwombana naye. Kuyambira 2017 kochi akalowa m'bwalo kukatsutsa chigamulo akuyenera kulangidwa pompo, timu yake kubwezedwa m'mbuyo mayadi 15, ndipo akalakwa kawiri motero pa gemu imodzi atuluke. Koma ndi angati atulutsidwa? Amene anthu amamukumbukira ndi Scot Loeffler wa Bowling Green mu 2021, kochi wa katimu kakang'ono. Akuluakulu aja a ku Georgia, Alabama, Ohio State amapatsidwa chenjezo, kenako chenjezo lina, refa akumvetsera mutu uli pansi.

Akale ena amati zinali bwino kale. Sizinali bwino. Kochi Woody Hayes wa Ohio State mu 1971 anaphwanya zizindikiro za pa mzere ku Michigan atakwiya ndi marefa, sukulu inamusunga, mpaka pa 29 Disembala 1978 pa gemu ya Gator Bowl anamenya chibakera wosewera wa Clemson, Charlie Bauman, chifukwa choti walanda mpira. Mawa lake ntchito inatha. Anamulekerera zaka zonsezo chifukwa ankapambana.

Tsono musaone ngati ndikuikira kumbuyo marefa, iwonso amatikhumudwitsa kwambiri. Mu 1990 Colorado inapatsidwa mwayi wachisanu woyesa kupititsa mpira patsogolo pomwe lamulo limati kanayi basi, marefa onse asanu ndi awiri kulephera kuwerenga, inagoletsa n'kupambana Missouri 33-31 ndipo chaka chomwecho inagawana ukatswiri wa dziko ndi Georgia Tech. Mu 2016 Central Michigan inapatsidwa mwayi wowonjezera nthawi itatha pomwe gemu inayenera kutha, inagoletsa n'kugonjetsa Oklahoma State 30-27, marefa anavomera kuti analakwitsa lamulo, anaimitsidwa magemu awiri koma zotsatira sizinasinthe. Ngakhale kanema wobwereza sanathetse mavuto, mu 2006 Oregon inapambana Oklahoma 34-33 woonera kanemayo atalakwitsa, ndipo bamboyo analandira mauthenga omuopseza kuti amupha. Munthu woti amagwira ntchitoyi Loweruka lokha.

Pamenepa ndi pomwe anthu ambiri sadziwa. Marefa asanu ndi atatu mumawaona pabwalo aja si antchito okhazikika, mkati mwa sabata wina ndi mphunzitsi, wina loya, wina amagulitsa inshuwalansi, Lachisanu akwera ndege. Ndipo samalembedwa ndi bungwe limodzi la dziko lonse, ligi iliyonse ili ndi ake, SEC ake, Big Ten ake, Big 12 ake, ndiye chomwe ku ligi ina amatulutsira wosewera chifukwa chogunda mnzake kumutu ku ligi ina amangochiyang'ana. Choipa kwambiri n'choti amene amalemba refa ntchito ndi ligi, ndipo eni ligi ndi masukulu omwewo amene makochi awo akumukalipira. Refa aponyere kansalu kochi wa sukulu yobweretsa ndalama zambiri, akudziwa kuti Lolemba foni ikalira ku ofesi? Masewera olowetsa mabiliyoni a madola kuchokera ku ma TV alephera kulemba marefa okhazikika a bungwe limodzi, sindikumvetsa ine.

Komanso kukhala chete kwa marefa ndi maligiku kumaonjezera moto. Mnyamata wazaka 20 akaphonya mpira wofunika amamukhazika kutsogolo kwa makamera maso ali ofiira ndi misozi kuti afotokoze. Refa akalakwitsa amakwera basi apolisi atamuzungulira, ligi n'kutulutsa kachikalata ka mizere itatu usiku, nthawi zina osatulutsa n'komwe. Mkulu wa marefa azibwera gemu ikatha, mphindi zisanu zokha, anene kuti tinaona chakuti, apa tinalakwitsa, apa tinalondola. Anthu amakhululuka munthu akavomera, chimene chimawapsetsa mtima ndi kuwatenga ngati sanaone.

Koma kwa makochi chindapusa cha ndalama achisiye, sichikugwira ntchito. Amene walowa m'bwalo kukatukwana refa kansalu kaponyedwe nthawi yoyamba yomweyo, kaya ndi wa Bowling Green kaya ndi wa Georgia, ndipo amene wagwira wosewera wa timu ina kapena refa gemu yotsatira akaonere kunyumba pa TV. Sukulu yomwe masapota ake agenda zinthu gemu yotsatira mbali ya ana asukulu ija ikhale yopanda munthu. Mudzaona sabata yomweyo makochi atayamba kuima okha kuseli kwa mzere, chifukwa kochi wolandira $13 miliyoni angalipire chilichonse koma kuphonya gemu ndi Alabama sangalole.

Ine wanu,
Wokonda masewera, Columbus, Ohio