Musathamangire kutaya mahedifoni a waya

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo pa nkhani ya mahedifoni. Chichotsereni kampani ya Apple kabowo kolowetsamo mahedifoni pa iPhone 7 mu 2016, makampani ambiri a mafoni anatengera zomwezo, ndipo lero munthu woyenda ndi waya akulendewera pachifuwa amaonedwa ngati wotsalira. Ine ndikuti kwa munthu womvera nyimbo, wailesi ndi kuyankha foni tsiku ndi tsiku, mahedifoni a waya akadali ndi ntchito yaikulu, ndipo wogula a Bluetooth ayenera kudziwiratu kuti akugula chinthu chokhala ndi tsiku lake lofera.

Za kamvekedwe sindichedwapo, ngakhale ndi pamene anthu amakanganira kwambiri. Bluetooth imayamba yafinya nyimbo isanaitumize. Njira ya SBC, yomwe mahedifoni onse a Bluetooth ali nayo, imafika pa makilobiti 328 pa sekondi (muyeso wa kuchuluka kwa uthenga wa nyimbo umene ukutumizidwa), pomwe nyimbo ya pa CD ili ndi 1,411. Pali njira zina monga AAC yomwe iPhone imagwiritsa ntchito, aptX ya Qualcomm ndi LDAC ya Sony yofika pa 990, koma zimagwira pokhapokha foni ndi mahedifoni onse awiri akhale nazo, apo ayi zimabwerera ku SBC mwakachetechete. Chikhalirecho, nyimbo zambiri za m'mafoni ndi za MP3 kapena za pa intaneti zomwe zinafinyidwa kale, ndiye pamsewu waphokoso ndi ochepa angamve kusiyana. Chimene chimasintha kamvekedwe kwenikweni ndi kalabala kolowa m'khutu. Kakachepa, mpweya umadutsa m'mbali ndipo mabesi onse amathawa. Yesani masaizi onse atatu amene amabwera m'bokosi musanadandaule kuti mahedifoni ndi oipa.

Vuto lalikulu la opanda waya ndi batire. Kahedifoni kalikonse kolowa m'khutu kali ndi kabatire ka lithium ka pakati pa 30 ndi 60 mAh (muyeso wa moto umene batire limasunga), pomwe batire la foni limakhala la 4,000 kapena 5,000. Kabatire kotere kamatha m'maola asanu kapena asanu ndi limodzi, choncho womvera tsiku lonse amakatsitsa n'kukadzazanso pafupipafupi. Mabatire amtunduwu akadzazidwa ndi kutsitsidwa maulendo 300 mpaka 500 amayamba kufooka moonekeratu. N'chifukwa chake pakatha zaka ziwiri kapena zitatu maola asanu aja amasanduka awiri, ndipo kawirikawiri mbali imodzi imafa msanga kuposa inzake chifukwa ndi imene imasenza ntchito ya maikolofoni. Choipa kwambiri n'chakuti ambiri anamatidwa ndi guluu, moti kutsegula n'kuswa. Sipika yake ikadali yabwinobwino, koma chinthu chonse chimatayidwa chifukwa cha kabatire kamodzi, ndipo zimenezi zimandiwawa. Kuti atalikeko moyo, musawasiye m'galimoto yoima padzuwa kapena pafupi ndi moto, popeza kutentha ndi kumene kumapha mabatirewa msanga, komanso musasiye kabokosi kake kotchajira katatheratu moto kwa miyezi.

Chachiwiri ndi kuchedwa kwa mawu. Kufinya, kutumiza ndi kumasula kuja kumatenga nthawi, nthawi zambiri mamilisekondi 150 mpaka 300 (sekondi imodzi ili ndi mamilisekondi 1,000). Poonera vidiyo pa YouTube simuzindikira chifukwa foni imachedwetsako chithunzi kuti chigwirizane ndi mawu. Koma posewera magemu, poimba kiyibodi kapena pojambula mawu anu mukudzimvera, palibe chobisira kuchedwako. Waya alibe vutoli.

Palinso chinthu chimene ambiri sadziwa. Mukangoyankha foni kapena kulowa mumsonkhano wa pa Zoom, mahedifoni ambiri a Bluetooth amasiya njira ya nyimbo n'kulowa njira yoimbira foni, yomwe ndi yopapatiza ndipo siisiyanitsa mawu a kumanja ndi kumanzere. Ndiye mawu amamveka ngati akuchokera m'chitini. Sikuti awonongeka ayi, ndi mmene anapangidwira. Maikolofoni ya pawaya, yolendewera pafupi ndi pakamwa, nthawi zambiri imamveka bwino kwa amene mukuyankhula naye kuposa ya kukhutu. Onjezaninso kuti mafoni ambiri okhala ndi wailesi ya FM amagwiritsa ntchito waya wa mahedifoni ngati eriyo, ndipo popanda wayayo wailesi siigwira.

Akamaduladula mawu, kumbukirani kuti Bluetooth imayenda pa 2.4 GHz pamodzi ndi Wi-Fi, ndipo thupi la munthu limatchinga mafunde amenewa. Mamita 10 amene amalembedwa pabokosi ndi a pamalo opanda chotchinga. Foni ikakhala m'thumba lakumbuyo pakati pa chigulu cha anthu, ingoisamutsirani m'thumba lakutsogolo kapena lapachifuwa.

Sindikunena kuti a waya sawonongeka. Amawonongeka, ndipo pafupifupi nthawi zonse ndi pamalo amodzi, pakhosi pa pulagi, pomwe waya amapindika tsiku ndi tsiku mpaka timawaya tam'kati titaduka. Chizindikiro chake ndi khutu limodzi kumazima n'kumayaka mukagwedeza. Ikani nyimbo, muzipinda waya pang'onopang'ono kuyambira kupulagi, ndipo pamene mawu akubwerera ndi pomwe paduka. Dulani masentimita awiri kapena atatu kupitirira pamenepo n'kuwotchererapo pulagi yatsopano. Timawaya tam'katimo tinakutidwa ndi utoto wosadutsa magetsi, choncho muyambe mwaupsereza ndi nsonga ya chowotcherera, apo ayi mtovu sugwira. Pa pulagi ya mizere itatu yakuda, nsonga ndi ya khutu lamanzere, chigawo chachiwiri ndi cha lamanja, chachitatu ndi chobwezera magetsi, chomaliza ndi cha maikolofoni. Umu ndi mmene mafoni ambiri a masiku ano alili, koma ena akale anasinthanitsa ziwiri zomalizazi, ndipo mukalakwitsa mawu a woimba amamveka patali ngati asowa. Kupewa kwake n'kosavuta: pozula gwirani pulagi osati waya, ndipo musamakulunge waya mothinitsa pafoni pulagi ili m'kati. Ngati mungapeze mahedifoni a waya wochotseka, tengani amenewo, chifukwa akaduka mumangosintha waya basi.

Pulagi ikamakana kulowa yonse, nthawi zambiri ndi ulusi wa m'thumba umene wadzaza m'kabowo. Zimitsani foni, muukokere kunja ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano.

Amene foni yawo ilibe kabowo asamale pogula kachingwe kolumikizira ku USB-C. Tilipo tamitundu iwiri. Tina tili ndi kachipangizo kosandutsa nyimbo kukhala mawu, kotchedwa DAC, ndipo timagwira pafupifupi pa foni iliyonse. Tina ndi waya chabe ndipo timadalira kuti foniyo itulutse yokha mawu podzera pa USB-C, zomwe mafoni ambiri sachita. Funsani kokhala ndi DAC. Onaninso ma ohm, muyeso wa mmene mahedifoni amakanira magetsi: mahedifoni a 16 mpaka 32 ndiwo oyenera foni, pomwe a 250 amamveka motsika kwambiri popanda ampulifaya.

Opanda waya ali ndi malo awo ndithu. Wothamanga, kapena wogwira ntchito pafupi ndi makina ozungulira kumene waya angakodwe, asankhe amenewa, ndipo aone kuti alembedwa IPX4, chizindikiro chakuti amapirira madzi owaza, kapena kuposerapo kuti thukuta lisawawononge. Mahedifoni amene ali ndi luso lothetsa phokoso amathandiza kwambiri m'basi ndi m'ndege, chifukwa amazimitsa bwino kulira kosalekeza kwa injini, ngakhale kuti mawu a anthu oyankhula amadutsabe. Mbali imodzi ikamamveka motsika, musafulumire kuimba mlandu batire. Onani kasefa ka pasipika, kamatsekeka ndi phula la m'khutu, ndipo kamswachi kofewa kouma kamachotsa. Akamakana kutchaja, pukutani timadontho tachitsulo ta m'kabokosi ndi kathonje konyowetsedwa pang'ono ndi sipiriti.

Pa za makutu, waya kapena Bluetooth n'chimodzimodzi, chimene chimagonthetsa ndi voliyumu. Bungwe la World Health Organization limati wamkulu asapyole madesibelo 80 (muyeso wa kukula kwa mawu) kwa maola 40 pa sabata, ndipo mwana asapyole 75. Mukakweza ndi madesibelo atatu okha, nthawi yotetezekayo imatsika ndi theka, moti pa 89 kwatsala maola asanu basi sabata yonse. Mafoni ambiri ali ndi potsekera malire a voliyumu, ndipo makolo ayenera kutsekapo asanapatse mwana mahedifoni amtundu uliwonse.

Ndine wowerenga wanu,
Mmisiri wa zipangizo zomvera mawu