Dandaulo pa makina oyeretsera madzi amene munatigulitsa

Mangochi

Kwa Oyang'anira Zamalonda,

Bwana,

Ndalemba kalatayi ndili wokhumudwa ndi makina oyeretsera madzi amene munadzatiikira pamalo athu oyezera mchenga kuno ku Mangochi. Ntchito yathu mukuidziwa. Timatenga mchenga wakuda wa ku Makanjira n'kupatula timibulu ta ilmenite (mwala wakuda umene mumachokera chitsulo cha titaniyamu) ndi thovu: timathira mankhwala otchedwa oleic acid amene amamatirira ku ilmenite, kenako timapopera mpweya, thovu n'kukwera nayo pamwamba, mchenga wamba n'kutsala pansi.

Tinagula makina anu kuti madzi omwewo azibwerera m'thanki, tisamataye zoipa zokathera mu Shire ndi m'nyanja ya Malombe, kumene chambo chinachepa kale. Wogulitsa wanu tinamufunsa kawiri konse, ndipo anatitsimikizira kuti makinawa amachotsanso mchere wosungunuka. Si zoona. Amangosefa matope basi. Madzi amatuluka oyera mbee, koma kashiamu ndi maginiziyamu, zomwe ndi mbali ya mchere wosungunukawo, zimatsalamo, ndipo zimanka zichuluka ulendo uliwonse madziwo akazungulira, makamaka dzuwa la Okutobala likamaphwetsa damu lathu losungiramo madziwo.

Mayi aliyense amene anachapapo ndi madzi a mchere a pamjigo akudziwa zimene zimachitika: sopo sachita thovu, amangoundana. Oleic acid ndi m'bale wake wa sopo. Kashiamu amamugwira asanafike pa ilmenite, choncho tikuthira mankhwala ambiri, ogula ndi ndalama zakunja, koma zokolola zikutsika. Chondiwawa kwambiri n'chakuti kashiamu yemweyo amakakamira pamchenga wamba, nawonso n'kugwira mankhwala n'kukwera m'thovu. Tikumayeza zinthu zosakanikirana, ndipo otituma ntchito ayamba kukayikira zotsatira zathu. Mchenga womwewo titauyesa ndi madzi atsopano, unalekana bwinobwino.

Mmisiri wanu atabwera anangotunga madzi m'botolo, n'kuwayang'ana padzuwa, n'kunena kuti ali bwino. Kodi mchere wosungunuka umaoneka ndi maso, bwana? Chipangizo choyezera sanabwere nacho n'komwe.

Ndikupempha kuti mutumize munthu wodziwa adzayeze madziwa ife tikuona, ndipo muwonjezere gawo lochotsa kashiamu ndi maginiziyamu pa ndalama zanu. Ngati simungathe, dzatengeni makina anu, mutibwezere ndalama zathu. Pakatha masiku 14 musanayankhe, nkhaniyi ndikaitula ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Malisiti ndi zotsatira za mayeso onse awiri ndazisunga.

Ine kasitomala wanu,
Woyang'anira ntchito yoyeza mchenga