Alimi a nshawa si aulesi, chovuta ndi chuku

A Mkonzi,

Ndakhumudwa kwambiri ndi mawu a mkulu wina wa zamalonda amene analankhula pa wailesi kuno ku Chipata sabata yatha, ponena kuti alimi a kum'mawa ndi aulesi chifukwa satumiza nshawa ku Ulaya pomwe msonkho unachotsedwa kale. N'zoona kuti kuyambira 2001, pansi pa ndondomeko ya Everything But Arms, katundu wochokera ku mayiko osauka monga Zambia amalowa m'mayiko a European Union popanda msonkho, kupatulapo zida za nkhondo. Koma mkuluyo sanatchule ngakhale kamodzi chimene chimabweza nshawa padoko, chomwe ndi poizoni wa chuku wotchedwa aflatoxin. Malamulo a kumeneko salola nshawa zodya anthu kukhala ndi poizoniyu wopitirira magawo 4 pa biliyoni, ndipo mayi wa ku Chadiza amene amayanika nshawa zake za mtundu wa Chalimbana pabwalo, nawaza madzi pamakoko kuti aswe mosavuta, alibe njira yodziwira ngati thumba lake ladutsa malire amenewo. Kodi munthu wolawirira kumunda m'bandakucha n'kumutcha waulesi? Amagulitsa kwa mavenda pamtengo wolira chifukwa ndiwo okha amafika pakhomo pake ndi sikelo.

Nkhani ya AGOA, ndondomeko imene America inakhazikitsa mu 2000 kuti katundu wina wa mayiko a mu Africa azilowa m'dzikolo popanda msonkho, ili chimodzimodzi. Lesotho ndi Kenya anapindula chifukwa ali ndi mafakitale osoka zovala, pamene thonje la ku Katete ndi Petauke limachoka m'dziko lili m'mabelo, ife n'kumavala salaula. Ndipo tisaiwale kuti mu 2018 Rwanda inalandidwa mwayi wotumiza zovala zake ku America popanda msonkho chifukwa inakweza msonkho wa salaula, zomwe zikusonyeza kuti wopereka mwayi wotere amaubweza tsiku limene wafuna.

Ndikupempha Nduna ya Zamalonda, Nduna ya Zaulimi ndi aphungu athu kuti makopaletivu apatsidwe zipangizo zoyezera chuku, akatswiri a kumalo ofufuza za ulimi a Msekera atumizidwe m'midzi kukaphunzitsa kayanikidwe koyenera, ndipo ziphaso zotumizira nshawa kunja ziziperekedwa kuno ku Chipata, kumene njanji ya ku Mchinji ingazinyamule mpaka kudoko la Nacala. Zimenezi zichitike tisanayambe kukumba nshawa za chaka chino.

Mlimi wa nshawa,
Chipata